Mwana wosagona usiku: zomwe zithunzi za ubongo zaonetsa pa matenda a bipolar

Zikomo a Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo a kuno ku Nkhotakota. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Matenda a maganizo otchedwa bipolar nthawi zambiri amayamba mwana atangotha msinkhu. Mtsikana wofatsa uja amayamba kugona maola awiri okha koma osatopa. Kulongolola osapatsa mnzake mpata, kusesa pabwalo pakati pa usiku, kugawa zovala zake, kumati agula maboti onse a kunyanja. Sabata yathunthu ali choncho. Pakapita nthawi zimatembenuka: kudya ayi, kusamba ayi, kusukulu ayi, mwina kuyankhula zodzipha. Ife timathamangira kuti amulodza, kapena ndi mwano. Ena mpaka kumumanga chingwe.

Koma akatswiri ajambula ubongo wa ana oterewa ndi makina a MRI. Mkatikati mwa ubongo, mbali zonse ziwiri, muli kachiwalo kotchedwa amygdala, kukula kwake ngati mtedza. Kameneka ndiye kamadzutsa mantha ndi mkwiyo. Mwa ana odwala bipolar kamapezeka kocheperako poyerekeza ndi ka anzawo. Ndiye kuseri kwa mphumi kuno, gwirani apa, kuli mbali imene imati "taima kaye, ganiza". Imeneyi imakhwima mochedwa, munthu ali ndi zaka pafupifupi 25. Mu 2018 gulu la akatswiri la ENIGMA lidayerekeza zithunzi za anthu oposa 6,000, ambiri mwa iwo akuluakulu, nkupeza kuti mwa odwala bipolar mbali imeneyi ndi yopyapyala. Mwa amene ankamwa mankhwala a matendawa otchedwa lithium kupyapyalako kunali kochepa.

Musandimve molakwa. Kusiyanaku kumaoneka akaphatikiza zithunzi za anthu ambirimbiri. Chithunzi cha mwana mmodzi sichingauze dokotala kuti uyu ndi bipolar, ndiye musagulitse mbuzi kuti mukamujambulitse ku Blantyre. Chimene adokotala a maganizo akufuna pachipatala chathu cha boma ndi nkhani yanu inu makolo: akugona maola angati, zidayamba liti, adadwalapo malungo okomoka nawo, kumtundu kuli wina wotere? Matendawa amatsata mtundu kwambiri.

Chamba chathu chotchukachi, tisabisane, chimawonjezera matendawa.

Ndipo amayi, mtsikana akapatsidwa mankhwala ena a matendawa otchedwa sodium valproate, auzeni adokotala ngati ali ndi pakati kapena watsala pang'ono kukwatiwa, chifukwa amatha kuvulaza mwana m'mimba. Koma asasiye kumwa payekha asanaonane nawo.