Kuonera anamgumi kugombe: nyengo yake, malo ake ndi pamene anthu amalakwitsa

Zikomo amfumu, zikomo aphunzitsi ndi makolo nonse, ndi inu ana mwakhala kutsogoloku. Ena mukudabwa kuti nkhani ya anamgumi ikufunanji kuno ku Chipata kopanda nyanja. Komatu ambiri a inu mumatsika ndi malole kudzera pa Chanida kupita ku Tete, ena mpaka ku Nacala, ndipo ena muli ndi ana ku Durban ndi ku Cape Town. Munthu amafika kugombe mwezi woyenera, namgumi akupuma pamaso pake, iye n'kubwerako osamuona chifukwa sadziwa choyang'ana.

Namgumi si nsomba. Amapuma ndi mapapo, amabereka mwana, amayamwitsa. Mwa nyama zimene zilipo lero, m'bale wake wapafupi ndi mvuu, yomwe ija ya mu Luangwa. Ndiye kuonera konse kwagona pa kupumako. Afune asafune ayenera kutumphuka, ndipo inu mukungodikira nthawi imeneyo.

Amene mungamuone mosavuta ndi wa mtundu wa humpback. Wamkulu amatalika mamita 13 mpaka 16, kulemera kwake matani 30 kapena kuposa, ndipo zipsepse zake za m'mbali zimafika mamita 5. Kuno mvula ikamagwa iye amakhala ku Antarctica, akudya tinyama ta m'madzi tonga nkhanu totchedwa krill. Kumeneko kukayamba kuzizira amayenda makilomita masauzande kubwera m'madzi ofunda a Mozambique ndi Madagascar kudzakwerana ndi kudzabereka. Nyengo yake ndi Juni mpaka Okutobala, pachimake Ogasiti ndi Seputembala. Wopita pa Khirisimasi wangotaya ndalama zake. Malo odziwika ndi Tofo pafupi ndi Inhambane, zilumba za Bazaruto, Nacala ndi Pemba, ndipo ku South Africa kuli St Lucia ndi Durban. Ku Hermanus nako kuli anamgumi, koma ochuluka kumeneko ndi mtundu wina, wopanda chipsepse pamsana, umene ukapuma nthunzi ya mpweya wake imatuluka mphanda ziwiri.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Simufunika boti kuti muyambe. Kwerani pamalo okwera, pachitunda cha mchenga kapena pathanthwe, mukhale pansi. Lawirirani mphepo isanadzuke, chifukwa ikadzuka nyanja yonse imachita thovu loyera ndipo simungasiyanitse kanthu. Vuto la m'mawa ndi lakuti gombe la Mozambique layang'ana kum'mawa, dzuwa limakuthobwani m'maso. Musalimbane nalo. Yang'anani chakumpoto kapena chakumwera, kumene madzi sakunyezimira.

Yambani ndi maso anu okha, kuyendetsa pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Magalasi oonera kutali, makamaka olembedwa 7x50, muwakweze mutaona kale kanthu. Mukayamba nawo mumangoona kachigawo kakang'ono, namgumi akupumira pambali. Chimene mukufuna ndi nthunzi. Humpback akapuma imakwera pafupifupi mamita 3, yotambalala pamwamba, n'kuzimirira m'masekondi ochepa. Thovu la funde limagona pamadzi, nthunzi imaima kenako n'kutengedwa ndi mphepo. Akapuma kangapo amapinda msana, kachipsepse kakang'ono n'kuonekera, nthawi zambiri mchira n'kudzuka wonse, ndipo wamira. Angathe kukhala pansi mphindi 5, 10, ngakhale 15. Apa anthu amangoti maso dwii pomwe wamirapo. Ayi. Wapaulendo amayenda makilomita ngati 5 pa ola, ndiye m'mphindi 10 wasuntha mamita 800. Kumayambiriro kwa nyengo ambiri akupita kumpoto, kumapeto akubwerera kumwera ndi ana, ndipo amayi a anawo amakonda kutsata pafupi ndi gombe. Yang'anani kutsogolo kumene walunjika.

Amene muli ndi kamera, jambulani kunsi kwa mchira. Mawanga akuda ndi oyera a pamenepo ndi akeake, palibe awiri ofanana, ndipo chithunzi mukachitumiza pa webusaiti ya Happywhale akhoza kukuuzani kumene namgumi yemweyo anaonekerapo. Pamichira ina mudzaona mizere yoyera yoyendera limodzi. Amenewo ndi mano a orca, amene amasaka ana a humpback.

Orca ndiye wamkulu pa banja la ma dolphin. Sasokoneza: wakuda pamsana, woyera kumimba, banga loyera kuseri kwa diso, ndi chigamba chotuwa kumbuyo kwa chipsepse. Chipsepse cha mphongo chimaima chilili mpaka mamita 1.8, cha mkazi n'chachifupi ndi chopindikira kumbuyo. Amayenda m'mabanja otsata kuchikazi, gogo wamkazi ndi mbumba yake, monga mwa ife Achewa. Koma alibe nyengo yodalirika kugombe lathu lino, ndipo woyendetsa boti wokulonjezani orca akukunamizani. Kumene amvekera kwambiri ndi ku False Bay ndi ku Gansbaai ku South Africa, chifukwa cha mphongo ziwiri zotchedwa Port ndi Starboard, zimene zipsepse zawo zinagwa, ina kumanzere ina kumanja. Mu 2017 ku Gansbaai shaki zikuluzikulu zinapezeka pagombe zitafa, ziwindi zitachotsedwa, ndipo akatswiri amati ntchito inali ya awiriwa.

Mayi kumbuyoko mwafunsa za boti. Funsani kaye ngati mwini wake ali ndi chilolezo. Ku South Africa lamulo likuti wopanda chilolezo asayandikire namgumi kupitirira mamita 300. Woyendetsa wodziwa ntchito amabwera cham'mbali, chakumbuyo pang'ono, mwapang'onopang'ono. Sadutsa kutsogolo, salowa pakati pa mayi ndi mwana, ndipo namgumi akabwera yekha amaimitsa chopalasira cha injini kuti chisamucheke. Chifukwa chake n'chachikulu. Namgumi wamkaziyo miyezi yonseyi sakudya kwenikweni, akuyamwitsa ndi mafuta amene ananenepa nawo ku Antarctica, ulendo wobwerera ukadali patsogolo. Kumuthamangitsa ndi kumudyera mkaka wa mwana. Mukaona akusintha njira mwadzidzidzi kapena akumira nthawi yaitali kuposa poyamba, uzani woyendetsayo abwerere m'mbuyo, ngakhale mwalipira. Nyamazi zinatsala pang'ono kutha. Kupha humpback m'nyanja zakumwera kunaletsedwa mu 1963, ndipo fakitale ya anamgumi ya ku Durban inatsekedwa mu 1975.

Ife akumtunda chimatigwetsa ndi nseru. Mankhwala ake imwani ola limodzi musanakwere, chifukwa mukayamba kusanza sagwiranso. Idyani pang'ono, zopanda mafuta, osati kukwera ndi njala. Khalani chapakati kapena kumbuyo kwa boti, maso kumene nyanja yakumana ndi thambo, osati pafoni. Jekete yoyandamitsa muimange musananyamuke, ndipo foni muike m'pulasitiki, madzi amchere amaiwononga msanga.

Ndipo inu madalaivala, mukapeza namgumi atakodwa mu ukonde kapena atagona pamchenga, musalowe m'madzi kukadula zingwe. Mchira umodzi umathyola munthu. Itanani oyang'anira gombe kapena apolisi, muimitse ana patali. Wakufa musateme nyama yake, simudziwa chimene chamupha, ndipo wotupa amatha kuphulika mukamuboola.