Dziko la Scotland, kumene kunachokera dzina la Blantyre

Amfumu, abusa, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Anyamata kumbuyoko sendezani benchi, simundimva muli kutali choncho.

Ndiyambe ndi funso. Dzina loti Blantyre, ndani anganene tanthauzo lake m'Chichewa? Palibe, chifukwa si lathu. Ndi dzina la katauni kakang'ono m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, pafupi ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Amishoni atafika kuno mu 1876 anatcha malo awo dzina limenelo pomukumbukira. Agogo athu ankati mzungu aliyense ndi wa ku Mangalande. Ayi ndithu. Munthu wa ku Scotland ukamutchula Mngelezi amakuwongolera pomwepo, ndipo mbiri yake ikumupatsa zifukwa.

Dziko lawo ndi laling'ono kuposa Malawi, anthu ake ndi oposa 5 miliyoni pang'ono. Kum'mwera kuli madambo olimika, kumpoto kuli mapiri okhaokha, miyala, mphepo ndi mvula yosatha, dera lomwe amalitcha Highlands. Phiri lawo lalitali, Ben Nevis, ndi mamita 1,345, pomwe Sapitwa wathu wa pa Mulanje ndi 3,002. Koma musalipeputse, pamwamba pake chisanu chimapha munthu. Nyanja amazitcha loch, zazitali, zopapatiza, zakuya, monga Loch Ness ndi Loch Lomond, ndipo zilumba ali nazo zoposa 700. Chimanga ngati chathuchi sichinali chakudya chawo. Makolo awo ankadalira phala la oats (mbewu yonga tirigu), mbatatesi, nsomba ndi ng'ombe.

Kumapiriko anthu ankakhala m'mafuko, fuko lililonse ndi mfumu yake. Mukamva MacDonald kapena MacLeod, Mac ameneyo akutanthauza mwana wa, ndipo dzinalo linkagwira ntchito ngati mfunda, monga mmene Phiri amadziwira Phiri mnzake ngakhale akumane ku Joni.

Pa za mafumu ndisankhepo ochepa. Mu 1296 mfumu Edward I ya England inalowa ndi nkhondo, n'kunyamula mwala womwe mafumu a Scotland ankakhalapo powalonga ufumu. Tangoganizani, amfumu, munthu kubwera kudzanyamula mpando wanu. William Wallace anagonjetsa Angelezi pa mlatho wa Stirling mu 1297, koma anamugwira n'kumupha mwankhanza ku London mu 1305. Amene anamaliza ntchitoyo ndi Robert the Bruce, yemwe mu 1314 pa Bannockburn anathamangitsa gulu lankhondo lochuluka kuposa lake. Mwala uja unabwerera kwawo mu 1996, patatha zaka 700.

Chodabwitsa n'chakuti mayiko awiriwa sanaphatikizane ndi mkondo. Mfumukazi Mary ya Scotland inadulidwa mutu mu 1587 molamulidwa ndi mbale wake Elizabeth I ya England. Elizabeth anamwalira wopanda mwana mu 1603, ndipo wolowa m'malo mwake anali mwana wa Mary yemweyo, James VI. Iye anasamukira ku London, kwawo anangobwererako kamodzi. Mu 1707 nyumba za malamulo ziwiri zinakhala imodzi, ndipo Scotland sinakhalenso ndi nyumba yakeyake mpaka 1999. Mu 2014 anavota ngati achoke mu United Kingdom, ndipo 55 mwa anthu 100 alionse anati akhale. Nkhaniyi mpaka lero imawagawa pabanja.

Tsopano gawo lomwe limandiwawa. Mu 1746 ankhondo ambiri a kumapiri anagonja kwa asilikali a boma la Britain pa Culloden. Boma linaletsa zovala zawo zamakolo, nsalu yamizere yopingasana ija amuna amavala ngati siketi, n'kulanda mafumu a mafuko aja mphamvu zoweruza. Mafumuwo anasanduka eni minda ofuna ndalama, ndipo anaona kuti nkhosa zimapindulitsa kuposa anthu. Anayamba kuthamangitsa abale awo omwe. Ku Strathnaver, m'dera la Sutherland, mu 1814 anthu anawatenthera nyumba kuti asabwerere. Ambiri anakwera zombo kupita ku Canada, America ndi Australia, ena anakadzaza m'mafakitale a ku Glasgow. Mapiri okongola mumawaona pa zithunzi opanda munthu aja, ambiri ndi mabwinja.

Nanga dziko la miyala chotere linatulutsa bwanji anthu opanga zinthu zomwe tonse tikugwiritsa ntchito? Ine yankho langa ndi sukulu. John Knox ndi anzake atasintha mpingo mu 1560 anaumirira kuti munthu aliyense aziwerenga yekha Baibulo, ndipo mu 1696 panakhala lamulo loti dera lililonse la mpingo likhale ndi sukulu ndi mphunzitsi wolipidwa. Sizinatheke tsiku limodzi, kumapiri zinachedwa kwambiri, koma mwana wa mlimi anapeza khomo. Mayunivesite anali nawo ku St Andrews, Glasgow, Aberdeen ndi Edinburgh pamene England, yolemera ndi yaikulu, inali ndi awiri okha.

Taonani zipatso zake. James Watt ankakonza zipangizo pa yunivesite ya Glasgow. Atapatsidwa kainjini ka nthunzi kuti akonze, anaona kuti kakuwononga malasha pachabe chifukwa malo amodzi ankawatenthetsa n'kuwaziziritsanso nthawi iliyonse. Mu 1765 anaganiza zoziziritsira nthunziyo m'chipinda chapadera. Nzeru yaing'ono imeneyo inayendetsa mafakitale, ndipo mawatsi mumawerenga pa babu kapena pa sola ndi dzina lake. John McAdam anaonetsa kuti msewu wolimba umafuna timiyala tophwanya totsendera bwino, pakati potukuka kuti madzi azitsetsereka, phula anadzaliwonjezera ena. Inu a kabaza, tayala lopopa lija analitchukitsa ndi John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto, mu 1888, pofuna kuti kanjinga ka mwana wake kasamagwedezeke. Alexander Graham Bell wa ku Edinburgh ankaphunzitsa anthu osamva, mayi ake ndi mkazi wake anali osamva, ndipo anatenga chiphaso cha umwini wa luso la telefoni mu 1876, chaka chomwe Blantyre wathu ankayamba. John Logie Baird anaonetsa wailesi ya kanema ku London mu 1926.

Amene ndimamukonda ndi Alexander Fleming, mwana wa mlimi wa ku Ayrshire. Mu 1928 anapeza chuku chamera pa kambale komwe ankasungira tizilombo, ndipo mozungulira chukucho tizilombo tinali titafa. Wina akanangotsuka kambaleko. Iye anayang'anitsitsa. Kuti chikhale mankhwala enieni a penisilini panafunika Howard Florey ndi Ernst Chain ku Oxford, koma amayi amene mwana wanu anachira chibayo ndi jakisoni, nkhani yake inayambira pa kambale kaja.

Livingstone naye ndi mwana wa khomo lomwelo. Ali ndi zaka 10 ankagwira ntchito mufakitale ya thonje kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kulowa m'kalasi. Anaphunzira udokotala ku Glasgow, anafika pa nyanja yathu mu 1859, n'kumwalira kwa Chitambo ku Zambia mu 1873. Omutsatira, monga Robert Laws wa ku Livingstonia ndi David Clement Scott wa ku Blantyre, anabwera ndi mwambo wakwawo uja, tchalitchi pano sukulu apo, ndipo CCAP inachokera pamenepo.

Koma ndikanena zabwino zokha ndikhala ndakunamizani. Ena a ku Scotland anabwera kudzatenga malo. Minda ya A. L. Bruce ku Magomero inali ya banja la mkamwini wa Livingstone, ndipo kumeneko thangata inali yowawa kwambiri. Kapitawo wamkulu wa mindayo, William Jervis Livingstone, anali wochokera pa chilumba cha Lismore, mbali yomweyo ya kumapiri komwe anthu anathamangitsidwa chifukwa cha nkhosa. Ndi iyeyo amene anthu a John Chilembwe anamupha mu Januwale 1915.

Abusa akundikodola kuti nthawi yatha. Amene muli ndi mafunso kwezani manja, tiyambe ndi amayi.