Pampu yoti muziyenda nayo pa njinga yamoto

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Inu muli kumbuyoko, sunthirani kuno, chifukwa zimene ndayala patebulozi n'zing'onozing'ono, simungazione muli patali.

Ndani pano tayala silinamuphwerepo panjira? Palibe. Nanga amene amayenda ndi pampu? Manja atatu okha. Ambirife timangoti muno mu Lusaka wopopa matayala sasowa, ukakankhako pang'ono mu Lumumba Road kapena Kafue Road um'peza. N'zoona, masana. Koma likadzakuphwerani usiku mu Kanyama mwezi wa January, madzi ali m'maondo, kapena katundu wa kasitomala atakufikitsani kuseri kwa Chongwe, mudzakankha mpaka nsapato kung'ambika.

Musanatulutse ndalama, yang'anani kaye gudumu lanu. Ngati lili ndi masipoko, kawirikawiri m'katimo muli chubu. Msomali ukaboola chubu, ngakhale mupope mpaka mawa, mpweya uzingotuluka. Pamafunika zitsulo zotsegulira tayala, chigamba ndi guluu, kapena chubu china chatsopano. Pampu imabwera pamapeto. Ngati ndi tubeless, tayala lopanda chubu, mwayi wanu: muzula msomali, mukulitsa bowo pang'ono ndi kachitsulo aka, mulowetsa kachingwe konata aka, mudula kotsalako n'kupopa, gudumu lili pomwepo osachotsa. Koma kachingweka pa tayala la chubu sikathandiza chilichonse. Ndaona anyamata akugula, ndalama n'kupita m'madzi.

Tsopano mapampu. Iyi ndi kompresa yolumikiza ku batire ya njinga, ya 12 volts. Ndi imene aliyense amaikhumbira, chifukwa umangodina n'kupinda manja. Ineyo inandiphunzitsa mwankhanza. Ndinkapita kumudzi ku Chipata, ndadutsa Rufunsa, m'mapiri aja musanafike pa mlatho wa Luangwa, lakumbuyo linaphwa. Ndinamata bwinobwino, n'kulumikiza kompresa injini ili chizimire. Tayala linakhuta ndithu, koma podina sitata, tcheke tcheke, zii. Kiki nayo inali itathyoka mlungu womwewo, ine n'kumati ndidzakonza ndikabwerako. Ndinakankha njinga yodzaza katundu kufunafuna potsetsereka, thukuta lili kamukamu, ana a m'mudzimo akundiperekeza ndi kuseka.

Vuto lake ndi ili. Batire ya njinga zathuzi ndi yaing'ono, zambiri zili cha m'ma 5 amp-hour, pamene kompresa imakoka moto wambiri. Choncho popopa injini izilira. Waya wake ukhale ndi fyuzi, ndipo lumikizani ku batire kwenikweniko, osati kabowo kotchajira foni, kameneko sikangapirire. Chinanso, timakompresa iti timatentha. Mukapopa mphindi zingapo, gwirani. Ngati kakuotcha, kapumitseni kazizire, apo ayi kapsa.

Iyi ndi yokhala ndi batire yakeyake, yotchaja ngati foni. Imaonetsa manambala, ndipo zina zimazima zokha mpweya ukakwana. Ndi yabwino, sindikana. Koma nonse mukukumbuka 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene magetsi ankazimira pafupifupi tsiku lonse. Foni yeniyeniyo tinkaitchaja movutikira, nanji pampu? Ndiponso batire yotere sigwirizana ndi kutentha. Kuisiya m'bokosi lachitsulo padzuwa la October ndi kuipha.

Timabotolo iti muli mpweya wa CO2, aka ndi ka magalamu 16. Timalowa m'thumba la malaya, ndipo timapopa m'kanthawi kochepa. Koma kamodzi sikadzaza tayala la njinga yamoto, mufunika tingapo, ndipo katha katha, palibe kudzazanso. Mukaphonya kulumikiza, mpweya wonse fyuu, mwatsala manja lende. Kamazizira koopsa potulutsa mpweya, musakagwire ndi dzanja lopanda gulovu. Komanso CO2 imathawa mu labala msanga kuposa mpweya wamba, ndiye mukafika m'tauni phwetsani, mupope mwatsopano. Ine timeneti sinditiwerengera kwenikweni.

Tabwerani achimwene, nyamulani iyi anthu aione. Pampu yamanja, mbale wake wa yanjinga yakapalasa. Palinso yoponda ndi phazi, imene imachita changu koma imadya malo. Siifuna batire, siifuna magetsi, imangofuna nsima imene mwadya. Ngati ndalama yanu ikukwana chinthu chimodzi chokha, ine ndikuti gulani iyi. Kompresa idzabwere pambuyo ngati yopeputsa ntchito, yamanjayi ikhalebe m'chikwama.

Pogula, ku Kamwala kapena kulikonse, musathamangire mtundu wowala. Yang'anani kukamwa kwake. Vavu ya njinga yamoto ndi yofanana ndi ya galimoto, yotchedwa Schrader. Pali mapampu ena a njinga zamipikisano opangidwira vavu yopyapyala, amenewo sangagwire. Sankhani yokhala ndi kapaipi kofewa. Yopanda kapaipi, yovekera pa vavu mwachindunji, mukamapopa mwamphamvu imagwedeza vavuyo uku ndi uku, mpaka chubu kung'ambika patsinde pake, pamalo posamatika. Mwabwera kudzakonza bowo limodzi, mwapanga lachiwiri. Komanso kugudumu lakumbuyo malo ndi othina, pali masipoko, dilamu ndi tcheni, ndiye tulutsani pampuyo panja pa shopu muiyese pa njinga yanu musanalipire. Wogulitsa akakana, pitani kwa wina.

Amayi mwafunsa kuti udziwa bwanji kuti lakhuta. Osati ndi chala, ndiponso osati kuponda ndi nsapato. Kachipangizo aka, geji, n'kotchipa kuposa chubu. Njinga zambiri zazing'ono zimafuna mpweya wa cha m'ma 25 psi pa gejiyo kutsogolo, kumbuyo 28 mpaka 32 malinga ndi katundu, koma nambala yeniyeni ya njinga yanu ili m'kabuku kake kapena pa sitika pafupi ndi tcheni. Geji ina imalemba bar. Bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi. Muziyeza m'mawa tayala lisanatenthe, chifukwa likayenda mpweya umafufuma, nambala n'kukwera. Tayala lofewa ndilo limatsina chubu ku limu mukagwa m'dzenje, mabowo awiri moyandikana ngati chaluma ndi njoka.

A tubeless, mverani ichi. Likaphwa imani pomwepo. Mukapitiriza kuyenda, mlomo wa tayala umachoka pa limu, ndipo zikatero palibe pampu pa tebulo pano imene ingaubwezere mosavuta. Pamafunika kompresa yaikulu ya pa galaja yokankha mpweya wambiri nthawi imodzi.

Kanthu komaliza ndi aka, kotsegulira kamtima ka vavu. Nthawi zina tayala silinabooke n'komwe, kamtimako kangomasuka. Pakani malovu pa vavu. Akachita thovu, mangani, mwatha. Kachivindikiro kake musamataye, fumbi la mu Chawama likalowa m'menemo vavu siitsekanso bwino.

Panjapo ndaimika njinga yanga, tayala lakumbuyo ndaliphwetsa dala. Tiyeni tituluke, aliyense apopeko ndi yamanjayi amve kulemera kwake. A tcheyamani, muyambe ndinu.