Mawu a m'mawa: manja a agogo aja

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Kwanuko kwacha koma kuno ku America ndi pakati pa usiku, ndili pa kabureki ku ntchito ndiye ndati ndikusiyireni mawuwa musanatuluke.

Tiwerenge Machitidwe 6:1-6. Mpingo utakula ku Yerusalemu kunabuka dandaulo, amasiye olankhula Chigiriki amaiwalika pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi anati sankhani amuna 7 a mbiri yabwino, odzazidwa ndi Mzimu ndi nzeru, ndipo Stefano anali m'gulu lomwelo. Taonani bwinobwino, ntchito yake inali yogawa chakudya basi koma anafuna anthu odzazidwa ndi Mzimu, anawapempherera mpaka kuwasanjika manja.

Ine ndinakulira mu Anglican, nditafika kuno ndimafunafuna tchalitchi chathu ndiye anandiuza kuti kuno chimatchedwa Episcopal, banja lake ndi lomwelo la Anglican Communion. Buku lawo la mapemphero ndi la 1979 ndipo chakumapeto kwake kuli katekisimu, pali funso loti atumiki a mpingo ndi ndani. Yankho lake limayamba ndi akhristu wamba, kenako mabishopu, ansembe ndi madikoni. Ndinawerenga kawiri pamenepo. Ife akhristu wamba atiika poyamba.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi. Lamulungu lililonse tikatha kulandira Mgonero, ansembe amaitana munthu wamba yemwe ali ndi chilolezo cha abishopu, amamupatsa kabokosi kakang'ono muli mkate ndi vinyo zochokera pa guwa lomwelo, ndipo mpingo wonse umamutuma kwa odwala ndi okalamba amene alephera kubwera. Kwa miyezi ndimangoona kabokosi kaja kakutuluka pakhomo, osaganizako komwe kakupita.

Tsiku lina anandiika shifiti ya masana Lamulungu, kutchalitchi sindinapite ndipo mumtima ndimadandaula ndithu. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwasintha zofunda. Pali agogo ena aamuna amene mutu unasokonekera ndi ukalamba, ana awo akabwera sawadziwa, ndipo m'mawa umenewo ndinawasambitsa mothamanga chifukwa anthu anali ambiri ife ochepa, manja awo ndinangopukuta mwachisawawa osawayang'ana n'kumaso komwe. Cha m'ma 1 koloko kunalowa mayi wina wa ku tchalitchi china cha Episcopal atanyamula kabokosi konga kaja. Anayala kansalu koyera pa katebulo kamene ndimaikapo mankhwala ndi kapu ya madzi. Atangotulutsa mkate, agogo aja anatambasula manja okha, dzanja lamanja pamwamba pa lamanzere, ndendende momwe anatiphunzitsira ife kwathu tisanalandire Mgonero koyamba. Palibe anawauza. Manja omwe aja ndinawapukuta mothamanga.

Abale ndinaima pakhomo misozi ili mbwembwembwe. Ndimadandaula kuti ndaphonya tchalitchi pomwe m'bale wanga wa pa guwa limodzi ndinali naye m'manja kuyambira 7 koloko m'mawa.

Kunoko pa ubatizo uliwonse mpingo wonse umabwereza malonjezo, ndipo funso lomaliza limafunsa ngati tidzalimbikira chilungamo ndi mtendere komanso kulemekeza ulemu wa munthu aliyense. Timayankha kuti ndidzatero, Mulungu akandithandiza. Mbali yachiwiriyo ndimaikonda chifukwa ndekha sindingathe, 3 koloko usiku msana ukuwawa belu likulira kachisanu m'chipinda chomwecho, chifundo changa chimatha. Pamenepo ndi pomwe ndimanong'ona mawu aja ndisanatsegule chitseko.

Kaya lero mukupita kukadikirira wodwala kuchipatala ndi kaphala m'kontena, kaya muli ndi apongozi okalamba pakhomo amene afunsa funso limodzi kakhumi, kaya ndinu aphunzitsi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, tiyeni tipemphere limodzi.

Ambuye Yesu, munasambitsa mapazi a ophunzira anu osathamanga. Tidzazeni ndi Mzimu womwe munadzaza nawo Stefano pa ntchito yogawa chakudya. Kumbukirani agogo aja, ndi onse amene agona okha usiku uno. Amen.

Belu lalira, ndapita kaye. Mutandale bwino.