Amosi nayenso anamuuza kuti bwerera kwanu

Moni moni nonse amene mwatchera khutu, ndine uja wa kuno ku Joni, lero ndikujambula usiku nditangoweruka ndiye mawu akamveka osasa mundikhululukire.

Mwezi watha ndinagwira ganyu yomanga nyumba masabata atatu, kusenza matumba a simenti mpaka zala kung'ambika, tsiku lolandira bwana uja anangondiyang'ana nkundifunsa kuti mapepala ako ali kuti? Nkhani inathera pompo. Lendi ikundidikira, m'thumba mulibe kanthu, tulo osabwera, ndiye ndinangotsegula Baibulo pa foni nkugwera pa Amosi.

Abale anga, munthu ameneyu sanali wa maudindo ayi, anali woweta nkhosa wa ku Tekowa ku Yuda, amasamaliranso mikuyu. Mulungu anamutuma kumpoto ku Israeli nthawi ya mfumu Yerobowamu wachiwiri, zaka zoposa 700 Yesu asanabadwe, nthawi yomwe dziko linali pabwino, olemera akugona pa mabedi a minyanga ya njovu uku akugulitsa m'mphawi pa mtengo wa nsapato, pamsika sikelo akuibera, ngakhale mungu wa tirigu amaugulitsanso. Koma kopembedza osajomba! Nchifukwa chake pa mutu 5 Mulungu akuwauza kuti nyimbo zanuzo sindikuzifuna, chilungamo chiyende ngati madzi.

Pomwe ndinagwetsa misozi ndi pa mutu 7. Wansembe wa ku Beteli, Amaziya, akuuza Amosi kuti thawa, bwerera kwanu ku Yuda ukadye kumeneko. Mawu amenewatu ine ndawamva kangati mu taxi, pamzere wa kuchipatala, kuntchito... kani ngakhale mneneri anamuuzapo zomwezi.

Kenako ndinapitilira. Yeremiya 22:13 akuti tsoka kwa amene amamanga nyumba yake pogwiritsa mnzake ntchito osamulipira, ndipo apa amanena mfumu Yehoyakimu weniweniyo osati munthu wamba. Malaki 3:5 ndiye akuchita kutitchula mmodzimmodzi, waganyu woberedwa malipiro, mayi wamasiye, mwana wamasiye ndi mlendo, Mulungu akuti Iye mwini adzakhala mboni. Mboni, pamene ine ndimaopa ngakhale kukadandaula kulikonse chifukwa cha mapepala omwewo.

Ndalama ija sanandipatsebe mpaka pano, ndisakunamizeni. Koma tinaberedwa anthu anayi, wina ndi bambo wachikulire amene ali ndi ana asanu kumudzi, ndipo tagwirizana kuti Lolemba m'mawa tikafika limodzi pa geti la bwana uja. Mutipempherere.