Mabaluni a madzi ndi mbama ya Patton

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, makolo anzanga, mwandipempha kuti ndilankhule za makatuni amene ana athu amaonera. Ndasankhapo gawo limodzi la The Simpsons, katuni ya ku America imene anayambitsa Matt Groening. Gawoli ndi Bart the General, ndipo linaonetsedwa koyamba pa kanema wa Fox pa 4 February 1990.

Nkhani yake ndi ya kusukulu. Lisa waphika timakeke, mnyamata wina wamulanda. Mchimwene wake Bart pofuna kumuteteza, mwangozi amenya Nelson, chimnyamata choopedwa pasukulupo. Basi, tsiku lililonse akaweruka Nelson amamumenya, kumuponya m'bini ya zinyalala n'kumugubuduza. Kunyumba mayi ake, Marge, akuti kambiranani, bambo ake, Homer, akuti menya pamalo popweteka. Bart athawira kwa agogo ake aamuna, ndipo iwo amutengera kwa Herman, bambo wa mkono umodzi wogulitsa zinthu zakale za nkhondo. Kumeneko akonza zosonkhanitsa ana onse ozunzidwa n'kuwaphunzitsa usilikali. Zida zawo ndi mabaluni odzaza madzi!

Apa mvetserani bwino. Mwana akuseka madziwo, koma wamkulu akuona zina. Olemba anatengera mafilimu enieni a nkhondo: kuguba koimba nyimbo kukukumbutsa Full Metal Jacket ya 1987, ndipo zambiri zachokera mu filimu ya Patton ya 1970. George Patton anali mmodzi wa akuluakulu a asilikali a America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1943, ku Sicily, chilumba cha ku Italy, anamenya mbama asilikali awiri amene anali m'chipatala atasokonezeka maganizo ndi nkhondo, ndipo Eisenhower, bwana wake pa usilikali, anamulamula kuti apepese. M'katunimu Bart nayenso aomba mbama kamnyamata kamantha. Agogo amudzudzula kuti msilikali ungamutume kukafera kutali, koma kumumenya mbama n'koletsedwa. Inetu mawu amenewa amandikhudza. Amaseketsa, inde, koma akufunsa funso lolemera: bwanji timakwiya ndi mbama, pomwe kutumiza ana a eni kukafa timakuona ngati ulemu?

Pa nkhondo ya mabaluniyi palibe mfuti yolira, palibe wakufa. Nelson angonyowa, amangidwa, kenako asainira pangano la mtendere, Marge n'kubweretsa timakeke onse n'kudya. Pomaliza Bart auza oonera kuti nkhondo si yosangalatsa ngati mmene imaonekera.

Komabe sindikunena kuti muwasiye okha ana pa TV. Malangizo a Homer aja, oti menya mwachinyengo, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri atha kuwatenga ngati nzeru. Khalani naye pafupi, mumufunse ngati kusukulu kwake kuli Nelson, komanso amene angamuuze akamavutitsidwa. Gawoli silikwana theka la ola, ndiye tikamwa tiyi tionera limodzi, kenako mafunso.