Kwa anamwino otchera timbale toyeza mpweya mu fiyeta

Moni achemwali ndi achimwene nonse a pagulu lathu la kafukufuku. Chonde mverani uthengawu mpaka kumapeto musanalowe mu fiyeta Lolemba.

Poyamba, aliyense akhale ndi kalata ya chilolezo cha komiti ya yunivesite ya Wits yoona za kafukufuku wokhudza anthu, komanso ya akuluakulu a chipatala. Muwaonetse asisita oyang'anira fiyeta musanakhudze kanthu.

Tsono timbale. Tikugwiritsa ntchito ta mamilimita 90 tokhala ndi agar, chakudya choundana chimene tizilombo togwera kuchokera mu mpweya timamerapo m'timagulu. Titulutseni mu furiji mphindi 30 musanatitsegule. Kambale kozizira kamachita thukuta kunsi kwa chivindikiro, ndipo dontho likagwera pa agar limamwaza tizilombo. Mmalo moona timagulu tisanu tosiyana, ku labu amangopeza chimtambo chimodzi chosawerengeka. Onani tsiku limene timbaleto tidzathe ntchito. Nambala lembani pansi pa kambale, osati pa chivindikiro, chifukwa zivindikiro zimasinthana.

Potchera kumbukirani 1, 1, 1: mita imodzi kuchokera pansi, mita imodzi kuchokera ku khoma, ola limodzi kambale kali kotsegula. Valani magolovesi ndi masiki. Musalankhule mutaweramira kambale, apo ayi mudzawerenga tizilombo ta m'kamwa mwanu. Kambale kamodzi muzikasiya kosatsegula, kayende nanu ulendo wonse. Kakameretsa kanthu, ndiye kuti timbale tinali toipa kale, zotsatira za tsikulo sitizikhulupirira.

Pano ndipo ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amapeputsa. Kambale kopanda pepala lake n'kopanda ntchito. Ola limene kali kotsegula, mmodzi wa inu aime pakona ndi cholembera, alembe anthu ali m'chipindamo ndi angati, chitseko chatsegulidwa kangati, kutentha ndi chinyezi. Fiyeta imapangidwa kuti mpweya wa m'kati uzikankhira kunja, ndipo umasinthidwa pafupifupi ka 20 pa ola. Chitseko chikatseguka mphamvu ija imagwa, mpweya wa m'khonde umalowa. Tizilombo tambiri timene mudzatole timachokera pa khungu la anthu amene akuyendayenda m'menemo. Ndiye kambale kakadzaza, funso loyamba lidzakhala lakuti, kodi ndi makina a mpweya kapena ndi anthu olowa n'kutuluka? Popanda pepala lija simungayankhe. Musawerenge mumtima kuti mudzalemba pambuyo, ayi. Chitseko chikatseguka, kamzere pomwepo.

Kutentha kukhale pakati pa madigiri 20 ndi 24, chinyezi pakati pa 20 ndi 60 peresenti. Kuno ku Joni nyengo yozizira, Juni mpaka Ogasiti, mpweya umauma kwambiri, agar sachedwa kuuma n'kuyamba kung'aluka. Musapitirire ola lija poganiza kuti mutola zambiri. Magetsi akazima jenereta n'kuyaka, lembani nthawi yake yeniyeni, ngakhale zitakhala mphindi ziwiri zokha.

Ola likakwana vindikirani, matani ndi tepi, tembenuzani kambale chivindikiro chikhale pansi, pitani nako ku labu tsiku lomwelo. Kumeneko kadzakhala pa madigiri 35 mpaka 37 kwa maola 48, kenako awerenge timagulu.

Za wodwala: dzina lake lisalembedwe paliponse, pa kambale kapena pa pepala, nambala yathu ya kafukufuku yokha. Lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu kuno ku South Africa, silisewera, ndipo zithunzi za mafayilo musatumize pa WhatsApp. Nambalayo ndi imene idzatilumikize ndi bala lake, popeza timalitsatira masiku 30 opaleshoni itachitika, kapena masiku 90 ngati anamuika chitsulo m'thupi. Lembaninso nthawi imene cefazolin, mankhwala oteteza bala ku tizilombo, anaperekedwa ndi nthawi imene dokotala anayamba kucheka, tione ngati zinali m'kati mwa mphindi 60.

Amene mukuyamba Lolemba, tikumane pa khomo la fiyeta 6:30 m'mawa, timbale tili m'bokosi lozizira.